Kodi sukulu za Katolika m'Malawi muno timaziwerenga bwanji? Manambala akusiyana paliponse

Mlembi_waParishi

Moni nonse. Komiti yathu ya maphunziro ikufuna kulemba kapepala kofotokozera akhristu kukula kwa ntchito ya Mpingo wa Katolika pa maphunziro m'dziko muno, kuyambira pulayimale mpaka kuseminale. Koma pepala lililonse lomwe tatsegula likunena nambala yakeyake, ndipo kusiyana kwake si kwa masewera. Kodi chimachititsa n'chiyani? Seminale zing'onozing'ono ziwerengedwe ngati sekondale kapena zikhale pazokha? Nanga makoleji a anamwino ndi a ntchito zamanja alowe pati? Odziwa tithandizeni, tisakawerenge zabodza pa guwa.

Mphunzitsi Wopuma

A Mlembi, manambalawo akusiyana chifukwa dzina loti "sukulu ya Katolika" lanyamula katundu wosiyanasiyana m'thumba limodzi. Pa sukulu iliyonse funsani mafunso atatu. Malo ndi nyumba n'za yani? Aphunzitsi amawalipira ndani? Ana amawasankha ndani? Mukayankha zimenezi mudziwa gulu lake, ndipo muona pamene owerenga aja adasiyanirana.

Tiyambe ndi pulayimale, poti ndiko kuli unyinji. Sukulu zambiri za pulayimale za mishoni, mwini wake ndi dayosizi, koma aphunzitsi amalandira malipiro ku boma, amatumizidwa ndi ofesi ya maphunziro ya pa boma, silabasi ndi yomwe ija yokonzedwa ku Domasi, mayeso a Sitandade 8 ndi a MANEB, ndipo kuyambira 1994 mwana salipira fizi. Choncho m'mabuku a unduna sukulu yotere ndi ya boma, kungoti pali kadanga kolembapo mwini wake. Munthu akawerenga "sukulu za boma" amaimeza. Wina akawerenga "sukulu zomwe si za boma" kuti apezemo za Katolika, amangopeza zochepa zolipiritsa za m'tauni, n'kumati mpingo uli ndi sukulu zowerengeka. Onsewo sadaname, adangoyang'ana kadanga kolakwika.

Chomwe mpingo wagwira pa sukulu zoterezi ndi malo, nyumba, mpando mu komiti ya sukulu ndi mwambo wa pamalopo. Mikangano yambiri imabukira pa mphunzitsi wamkulu, chifukwa bambo mfumu amafuna munthu wosunga mwambo wa mishoni pomwe ofesi ya maphunziro imayang'ana giredi ya munthuyo. Ina imabukira pa malire. Malo ambiri adaperekedwa pakamwa ndi mfumu yomwe idamwalira kalekale, ndiye adzukulu akayamba kulima m'bwalo la mpira, pepala loti n'kuonetsa palibe. Sukulu yotere imatha kulembedwa "R.C.", kutanthauza ya Katolika, chaka chino, patapita zaka zitatu n'kupezeka yalembedwa "L.E.A.", kutanthauza ya khonsolo, chifukwa wodzaza fomu adaona kuti midadada yatsopano idamangidwa ndi khonsolo.

Palinso kubadwa kwa sukulu. Ana akachuluka kapena mtsinje ukamawatsekereza nthawi ya dzinja, anthu amatsegula pulayimale yaing'ono ya J.P. kutsidya, yolekezera Sitandade 4 kapena 5. Mpaka italandira nambala yake ku unduna, parishi imaiwerenga ngati sukulu, unduna umaiwerenga ngati makalasi a sukulu yaikulu ija. Pa mishoni zakale, monga pa Likuni, pali ya anyamata ndi ya atsikana zoyandikana. Ndi sukulu ziwiri, aphunzitsi aakulu awiri, koma wongodutsa pa msewu amati "sukulu ya pa mishoni", imodzi.

Ku sekondale magulu ndi atatu. Loyamba ndi sukulu zothandizidwa ndi boma, zomwe anthu amangoti grant-aided. Izi ndi zija zotchuka: Zomba Catholic, yomwe ambiri amaidziwa kuti Box 2, Likuni Boys, Likuni Girls, Mtendere ku Dedza, St Patrick's ku Mzedi, St Mary's ku Zomba, Stella Maris mu Blantyre, Providence ku Mulanje, Ludzi Girls ku Mchinji, Nkhamenya Girls ku Kasungu, St John Bosco ku Mzimba, Chaminade ku Karonga. Zomba Catholic idatsegulidwa mu 1942, patangopita zaka ziwiri chitsegulire Blantyre Secondary School, ndiye ndi yachiwiri pa sekondale zonse za m'dziko muno. Loyola ya ku Kasungu, ya ansembe achiJezwiti, ndi yaposachedwa, ya 2015, ndipo imatenga anyamata ndi atsikana omwe. Pa sukulu zimenezi boma limalipira aphunzitsi ambiri ndi kupereka kangachepe koyendetsera sukulu, makolo amalipira chakudya ndi kogona, mwini sukulu amasamala nyumba.

Gulu lachiwiri ndi zomwe mpingo kapena chipani cha ansembe, abulazala kapena asisteri chimayendetsa chokha, popanda tambala ya boma, monga Our Lady of Wisdom ku Limbe. Fizi imakwera chifukwa malipiro onse a aphunzitsi amachokera m'thumba la kholo.

Lachitatu ndi lomwe limasokoneza kwambiri, ma CDSS. Ambiri adali malo ophunzirira a MCDE, sukulu ija yamakalata, ndipo boma lidawasandutsa sekondale zoyendera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ena mwa iwo adamangidwa ndi akhristu pa malo a parishi, njerwa kuumba okha, ndipo ali ndi dzina la woyera. Dayosizi imawawerenga ngati ake. Unduna umati CDSS ndi CDSS basi. Mukaona dayosizi ikutchula sekondale zambiri kuposa zomwe inu mukuzidziwa, kusiyanako kuli pamenepa. Samalaninso ndi ana a open, olowa masana m'makalasi omwewo. Ena amawalemba ngati sukulu yachiwiri, pomwe denga ndi lomwelo, aphunzitsi ndi omwewo.

Chomaliza kwa ine, musaphatikize manambala a dayosizi ndi a unduna pa tebulo limodzi, chifukwa malire awo sagwirizana. Madayosizi alipo 8: Blantyre ndi Lilongwe, omwe ndi maarkidayosizi, kenako Chikwawa, Zomba, Mangochi, Dedza, Mzuzu ndi Karonga. Zigawo za maphunziro za unduna zilipo 6. Nkhamenya Girls ili m'boma la Kasungu, ku unduna ili m'chigawo cha Central East, koma ku mpingo ili mu dayosizi ya Mzuzu. Machinga adagawana a Zomba ndi a Mangochi. Mbali ina ya Salima ili ku Dedza. Wotenga nambala ya "Chigawo cha Pakati" ku unduna n'kuiyerekeza ndi Lilongwe kuphatikiza Dedza sangapeze zofanana ngakhale atabwereza kakhumi.

Wa ku Mchinji

Aphunzitsi anena bwino za sukulu. Ine nditenge za seminale.

A Mlembi, seminale yaing'ono muilembe kawiri, koma pa mizere yosiyana, ndipo muuze owerenga kuti mwatero. Kwa a MANEB ndi sekondale yomwe si ya boma, ya anyamata okhaokha, Fomu 1 mpaka 4, ndipo n'chifukwa chake mumaiona pa mndandanda wa sukulu zokhoza bwino MSCE. Kwa episkopi ndi nazale ya mayitanidwe. Mukaiponya m'gulu la sekondale n'kuiponyanso m'gulu la seminale, kenako n'kuwonkhetsa zonse pansi, nambala yanu yafufuma.

Zomwe mulembe ndi izi. Blantyre ili ndi Pius XII ku Nguludi. Zomba ili ndi Nankhunda, m'mphepete mwa phiri la Zomba. Mangochi ili ndi St Paul the Apostle. Chikwawa ili ndi Mzimu Woyera. Dedza ili ndi St Kizito ku Mtendere. Lilongwe ili ndi St Paul's ku Mlale. Mzuzu ili ndi St Patrick's ku Rumphi, ndipo pomwe dayosizi ya Karonga inkadulidwa ku Mzuzu mu 2010, seminale imeneyi idatsala mbali ya Mzuzu. Iliyonse ndi ya dayosizi yake, si ya maepiskopi onse ayi. Rekitala amaikidwa ndi episkopi wa komweko, ndipo ndalama ikavuta ndi akhristu a komweko omwe amasenza.

Kulowa kwake sikudzera ku selection ya boma. Mnyamata wa Sitandade 8 amayambira ku mphakati, ena amati limana, komwe amamudziwa iye ndi makolo ake. Kenako kalata ya bambo mfumu, kadi la ubatizo, umboni woti amalandira ukaristia, ndiye mayeso olowera a seminale yomweyo ndi kucheza naye pamaso. Anyamata ambiri amagwa pa mapepala osati pa mayeso: dzina la pa kadi la ubatizo n'losiyana ndi lomwe adalembetsa ku MANEB, kapena adabatizidwa ku parishi ina ndipo palibe yemwe adapita kukatenga kalata m'buku la kumeneko nthawi ikadalipo.

Akalowa, chiwerengero chimatsika chaka ndi chaka. Seminale zimawida. Wolephera kufika pa malikisi omwe adaikidwa kapena wophwanya mwambo amauzidwa kuti teremu ya mawa akapitirize kwina. Ndiye Fomu 1 imakhala yodzaza, Fomu 4 yopepuka. Pamwamba pa apo, omaliza Fomu 4 ambiri amapita ku yunivesite ndi ku makoleji, ochepa okha ndi omwe amapempha kupitiriza. Amenewo si olephera ayi, madokotala ndi maloya ambiri adadya nyemba za kuseminale. Koma kulemba kuti "tili ndi anyamata mazanamazana ophunzira unsembe" mutawerengera ana a Fomu 1 ndi kunamiza akhristu. Ophunzira unsembe enieni ayambire pa chaka cha uzimu.

Njira yake ili motere. Mnyamata akakhoza bwino MSCE, Chingerezi chili momwemo, amalembera mkulu woona za mayitanidwe mu dayosizi yake. Sikuti achite kukhala wochokera ku seminale yaing'ono, wa ku CDSS nayenso amatengedwa. Akavomerezedwa amapita ku Kasina, ku Dedza, chaka chimodzi cha mapemphero ndi kudzifufuza. Akachoka apo ndi filosofi ku Kachebere, ku Mchinji, zaka zitatu. Kenako zaka zinayi za maphunziro a zaumulungu ku St Peter's ku Zomba, ndipo pakati pa ulendowu pamakhala chaka chokatumikira ku parishi. Mukawonkhetsa, kuchoka pa MSCE kufika pa guwa ndi zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi. Woyambira Fomu 1 ku seminale yaing'ono amatha zaka 13. Malamulo a mpingo amafuna zaka zosachepera zisanu ndi chimodzi za filosofi ndi zaumulungu, udikoni munthu atakwanitsa zaka 23, unsembe atakwanitsa 25, ndipo pakati pa udikoni ndi unsembe papite miyezi isanu ndi umodzi.

Kachebere ndi St Peter's ndi za maepiskopi onse pamodzi. Kachebere, yomwe dzina lake ndi St Anthony's, idatsegulidwa mu 1939, ili pamalire penipeni ndi Zambia, ndipo ansembe ambiri akale a ku Chipata adaphunzira pamenepo. Isanatsegulidwe, a White Fathers ankatumiza anyamata awo ku Kipalapala ku Tanganyika. Ndiko adaphunzira a Cornelio Chitsulo, wansembe woyamba wachiMalawi, wodzozedwa mu 1937, amene pambuyo pake adadzakhala episkopi wa Dedza. A Patrick Kalilombe adaphunzitsa pa Kachebere ndi kukhala rekitala asanakhale episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kwa zaka zambiri maphunziro onse ankachitikira pa Kachebere pomwepo, mpaka St Peter's itatsegulidwa mu 1977.

Pali nyumba inanso yomwe ambiri amaiwala, ya ku Balaka, komwe zipani zingapo zidagwirizana kuphunzitsira pamodzi anyamata awo filosofi. Amenewo si a dayosizi, ndi a zipani, ndipo ena ndi ochokera maiko oyandikana nafe. Akamaliza, ambiri amakapitiriza kunja, monga ku Tangaza ku Nairobi. Choncho mnyamata wa ku Ntcheu yemwe walowa chipani ali ku Kenya sapezeka m'kaundula wa Zomba, pomwe wa ku Zambia yemwe ali pa Balaka amapezeka m'chiwerengero cha nyumba za ku Malawi. Muyambe mwasankha: mukuwerenga aMalawi ophunzira unsembe, kapena anthu ogona m'maseminale a m'Malawi? Ndi manambala awiri. Ngakhale kwa a dayosizi, mukafunsa marekitala okha muphonya omwe ali ku parishi chaka chimenecho, chifukwa bedi lawo kulibe ku Mchinji, kulibenso ku Zomba. Funsani akulu a mayitanidwe, dayosizi ndi dayosizi.

Za ndalama, poti akhristu akafunsa. Gawo lina limachokera ku Roma kudzera ku bungwe la St Peter the Apostle, lina ndi chopereka cha Lamulungu la mayitanidwe, lachinayi la Pasaka, lina fizi, lina munda ndi khola la seminale. Koma chomwe chimagwetsa bajeti ndi chimanga. Tiyerekeze nyumba ya anyamata 200, aliyense akudya theka la kilogalamu ya ufa patsiku, phala ndi nsima kawiri. Ndi makilogalamu 100, matumba awiri a 50 tsiku lililonse. Teremu ya masiku 90 yadya matumba 180, osawerengera chomwe chatsalira ku chigayo ndi chomwe anankafumbwe alowamo. N'chifukwa chake mumaona Amayi Achikatolika akukweza matumba, nkhuku ndi sopo pa lole kupita kuseminale. Mtulo umenewo ndi womwe umafikitsa ana kumapeto a teremu yachiwiri, nthawi yomwe chimanga chakwera mtengo pa msika.

Nachisale

Ndingowonjeza chenjezo pa maina, chifukwa apa ndi pomwe makomiti ambiri amachita manyazi.

Si "St" aliyense ndi wathu. St Michael's Girls ya ku Malindi ndi ya Anglican. St Luke's ya anamwino ku Malosa ndi ya Anglican. Ndipo munthu wamba akhoza kutsegula sukulu yake n'kuipatsa dzina la woyera kuti makolo akopeke. Lamulo la mpingo nambala 803 limati sukulu isatchedwe ya Katolika popanda chilolezo cha akuluakulu a mpingo, ngakhale mwini wake atakhala tcheyamani wa tchalitchi. Komanso zathu zina zilibe "St" n'komwe: Mtendere, Ludzi, Nkhamenya, Namitete.

Ndiye pali amapasa. St Patrick's ya ku Mzedi ndi sekondale, ya ku Rumphi ndi seminale. St Joseph's ya ku Nguludi ndi ya anamwino, ya ku Bembeke ndi ya aphunzitsi. St Paul ali ku Mlale, alinso ku Mangochi. St Mary's ali ku Zomba, alinso ku Karonga. St John's ya ku Lilongwe ndi sekondale, ya ku Mzuzu ndi ya zaumoyo, ndipo pa Mzuzu pomwepo pali St John of God, yomwe ndi koleji ina. Mukamalemba pa kompyuta n'kuuza makina achotse maina obwereza, theka la zimenezi lisowa. Dzina lililonse liyende ndi malo ake.

Pitani pa Nguludi mukaone. Mukatsika minibasi ya ku Limbe, malo amodzi omwewo pali yunivesite, koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana olumala, sukulu ya ana osamva ya Maryview, chipatala cha St Joseph's ndi koleji yake ya anamwino, seminale ya Pius XII, kuphatikiza mapulayimale. Kondakitala amangoti "Nguludi", koma pa pepala lanu ndi mizere yambiri, ndipo eni ake ndi osiyana. Pa Mtendere chimodzimodzi: Mtendere Secondary, Marist Secondary ndi St Kizito ndi nyumba zitatu.

Achimwene a ku Area 23

Makoleji muwagawe potengera yemwe amawavomereza, ndiyo njira yosavuta.

Yunivesite ya maepiskopi ndi imodzi, Catholic University of Malawi. Maepiskopi adaikhazikitsa mu 2004, ophunzira oyamba adalowa mu 2006, m'nyumba zomwe kale zidali koleji ya aphunzitsi ya Montfort ku Nguludi. Idayamba ndi zauphunzitsi ndi maphunziro a za chikhalidwe cha anthu, kenako kudabwera zamalamulo, zamalonda, unamwino ndi zina. Ilinso ndi ophunzira a kumapeto kwa sabata, anthu apantchito, ndiye mukafunsa chiwerengero funsani ngati amenewo alimo. DMI St John the Baptist ya ku Mangochi ndi ina. Imeneyo idayambitsidwa ndi asisteri a chipani chochokera ku India, ndipo si nthambi ya ku Nguludi ayi. Onse awiri amayang'aniridwa ndi NCHE, bungwe la boma loona za mayunivesite, ndipo kuvomereza kwake kumayendera pulogalamu, osati dzina la sukulu lokha. Kholo lifunse za kosi yeniyeni yomwe mwana akukalowa. Sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka bwinobwino koma kosi yatsopano isanapimidwe, ndipo vuto limadzaonekera pofuna ntchito m'boma.

A zaumoyo ali pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mishoni lomwe maepiskopi athu ali nalo limodzi ndi mipingo ina. Apa ndi pomwe manambala amafufuma kwambiri, chifukwa wina amatenga makoleji onse a CHAM n'kuti ndi a Katolika. Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje Mission ndi a CCAP, Malamulo ndi ya Adventist, St Luke's a Nachisale anena kale. Athu ndi St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona m'boma la Nsanje, St John's ku Mzuzu, ndi St John of God ku Mzuzu konko, yomwe imadziwika ndi maphunziro a matenda a maganizo. Makoleji amenewa ndi ang'onoang'ono, ndipo si kufuna kwa eni ake. Khonsolo ya anamwino ndi azamba imayang'ana kuchuluka kwa aphunzitsi, mabedi a chipatala chophunzirirapo ndi chiwerengero cha amayi omwe wophunzira aliyense ayenera kuchiritsa asanalembe mayeso. Koleji ikatenga ana ochuluka kuposa mphamvu ya chipatala chake, ophunzira amalimbirana mayi mmodzi m'chipinda chochirira, kabuku kosainitsa sikadzaza, ndipo kumaliza kumachedwa.

Ya aphunzitsi a pulayimale ndi St Joseph's ku Bembeke, ya atsikana okhaokha, yothandizidwa ndi boma.

Ku ntchito zamanja, pa makoleji asanu ndi awiri akale omwe boma limawatcha a dziko lonse, anayi ndi a boma enieni: Lilongwe, Soche, Salima ndi Nasawa. Atatu ndi a mishoni othandizidwa ndi boma: Livingstonia ya CCAP, Namitete ndi Mzuzu za Katolika. Ambiri sadziwa kuti Mzuzu Technical ndi ya mpingo chifukwa dzina silinena. Kunja kwa amenewa kuli enanso a mpingo: Don Bosco ku Area 23 ku Lilongwe ya a Salesian, Comboni ku Lunzu, Miracle ku Karonga. Onsewa amalembetsa ku TEVETA. Pa koleji imodzi pamakhala ophunzira osankhidwa kudzera ku TEVETA ndi ena odzilipirira okha, ndipo lipoti lina limatchula gulu loyamba lokha.

Sukulu za ana osamva, Maryview, Mua ndi Mountain View ku Bvumbwe, zipatseni mzere wawo. Ndi mapulayimale, koma kalasi yake ndi ya ana ochepa, ogonera pomwepo, ndipo mukazisakaniza ndi mapulayimale wamba ntchito yake siioneka.

Mlembi_waParishi

Zikomo kwambiri, mwatitsegula maso. Funso lina lomwe likatipeza ndithu: akhristu amadandaula kuti adaumba njerwa okha, koma ana awo sapeza malo pa sekondale ya mishoni, m'malo mwake mwadzaza ana a mipingo ina. Tikawayankhe bwanji? Ndipo nambala yoti tilembe tikaitenge kuti?

Mphunzitsi Wopuma

Muwauze zoona, a Mlembi, ngakhale n'zowawa. Pa sekondale yothandizidwa ndi boma, malo 60 mwa 100 alionse a Fomu 1 amadzazidwa ndi unduna potengera zotsatira za Sitandade 8, ndipo unduna sufunsa kuti mwana amapemphera kuti. Malo 40 otsalawo ndi a mwini sukulu, ndipo amadzazidwa ndi mayeso olowera omwe dayosizi kapena chipani chimalembetsa. Mgwirizano umenewu mipingo imakambirana ndi boma kudzera ku ACEM, bungwe la mipingo yomwe ili ndi sukulu. Tiyerekeze Fomu 1 ya ana 100. Malo a mpingo ndi 40, ndipo akulimbirana ana a maparishi onse a dayosizi, mwinanso ochokera kutali. Parishi yomwe ili pakhomo pa sukuluyo ikapezapo ana atatu kapena anayi, yachita mwayi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti Akatolika ndi 17 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndiye pa malo a boma aja musadabwe kuona ana ambiri a CCAP, achiSilamu ndi a mipingo ina. Kuwerenga ana a pa sukulu za Katolika si kuwerenga ana achiKatolika.

Chomwe komiti ingachite n'kufunsa msanga ku ofesi ya maphunziro ya dayosizi tsiku la mayeso olowera, kulengeza m'nthambi zonse osati pa senta pokha, ndi kukonzekeretsa ana masamu ndi Chingerezi. Ana a kumudzi ambiri amaphonya chifukwa kalata idafika kwa katekisiti mayeso atalembedwa kale. Chachiwiri ndi fizi. Mwana amasankhidwa bwinobwino, koma ndalama ya kogona, yunifolomu, matiresi ndi thiransipoti zikalephereka m'masabata oyamba, malo ake amapita kwa wina. Thumba la parishi lothandiza mwana mmodzi kapena awiri pa teremu yoyamba limachita zambiri kuposa kukadandaula kwa asisteri pa geti.

Pa nambala, ine ndikadatsata njira iyi. Lemberani alembi a maphunziro a madayosizi onse 8, kapena ofesi ya maphunziro ku likulu la maepiskopi ku Lilongwe, ndipo mupemphe mndandanda wa maina, osati nambala yokha. Nambala simungaitsutse, koma mndandanda mutha kuona pomwe St Joseph's yabwerezedwa kapena yasowa. Pa sukulu iliyonse pakhale dzina, parishi, boma, mtundu, mwini wake, kaya dayosizi kaya chipani, wolipira aphunzitsi, ndi nambala yake ya ku unduna. Nambala ya ku undunayo ndiyo imagwira wobwereza, chifukwa maina amafanana koma iyo ayi. Funsani padera ngati sukulu za zipani zalowamo, poti abulazala a Marist kapena asisteri a ku Ludzi amasunga mabuku awo, ndipo ofesi ya dayosizi nthawi zina imalemba zokhazo zomwe imayendetsa yokha. Sukulu za mkaka za m'maparishi muzisiye pambali kapena muzipatse mzere wawo, chifukwa zina zimatsegula ndi kutseka potengera phala.

Ndipo mulembe chaka pa nambala iliyonse. Madayosizi amatumiza chiwerengero ku Roma momwe zinthu zidalili pa 31 December, ndipo buku la ku Vatican limatuluka patapita chaka ndi miyezi. Unduna umawerenga nthawi yake, chaka cha sukulu chili mkati. Nambala ya ku Roma yomwe mwaiona pa intaneti lero ikhoza kukhala ya ana omwe pano adalemba kale Fomu 4.

Wa ku Mchinji

Kuwonjezera pang'ono pa fomu yomwe Aphunzitsi anena. Kwa maseminale aakulu, pemphani manambala a kalasi ndi kalasi, ndipo pambali pa aliyense alembe dayosizi yomwe idamutumiza. Madikoni omwe akadali chaka chomaliza ku Zomba muwawerenge kumeneko kokha. Dayosizi imakhala itawalemba kale m'gulu la odzozedwa kuyambira tsiku la udikoni, ndiye mukatenga mapepala onse awiri munthu mmodzi apezeka kawiri.